Tulutsani khadi la kusikelo: thanzi la mwana amene akuyamba sukulu ya mkaka

Iyi ndi imodzi mwa nkhani za zaumoyo zimene zimaulutsidwa pa wailesi ya m'dera lathu. Tailemba pano kuti muiwerenge pakhomo, kutchalitchi kapena pamsonkhano wa makolo, ndiponso kuti muwawerengere anzanu amene satha kuwerenga.

 Lero tikamba za mwana wa zaka 3 mpaka 5, amene akuyamba sukulu ya mkaka, ija ambiri kuno timaitcha escolinha.

Ndiyambe ndi funso. Khadi la kusikelo la mwana wanu lili kuti panopa? Mwana ali wakhanda, mayi sajomba kusikelo, kapena kuti kupezo monga ena timanenera. Mwezi ndi mwezi ali pamzere, khadi lili m'chikwama. Koma mwana akangobayidwa katemera wa chikuku pa miyezi 9, n'kuyamba kuyenda, ulendo uja umazilala. Kenaka kumbuyo kwabwera wina, ndipo khadi la mkulu uja limaikidwa pansi pa sutikesi, kapena kulitsomeka kudenga mpaka lidyedwe ndi mphemvu. Mwana amatha zaka ziwiri, zitatu, wa zaumoyo asanamuone, kupatula tsiku limene wadwala kwambiri. Chonsecho khadi limenelo lidapangidwa kuti ligwire ntchito mpaka mwana akwanitse zaka 5. Nthawi yolembetsa mwana kusukulu ya mkaka ndi nthawi yabwino yolitulutsa.

Chifukwa chake alezi amafunsa khadi

Mukapita kukalembetsa mwana, kawirikawiri alezi amapempha zinthu ziwiri: chikalata cha kubadwa ndi khadi la kusikelo, limene kuno ku Mozambique lidalembedwa kuti Cartão de Saúde da Criança. Makolo ena amakhumudwa, amaganiza kuti akuwaikira zipsinjo. Ayi. Pakhomo mwana amasewera ndi abale ake ochepa. Kusukulu ya mkaka amakhala m'chipinda chimodzi ndi ana ambiri ochokera m'midzi yosiyanasiyana, kumwera chikho chimodzi, kugwirana manja, kutsokomolerana. Matenda amene pakhomo akadagwira ana awiri, kumeneko amayenda m'kalasi yonse n'kubwerera m'makomo, kumene kuli makanda amene sanafike msinkhu wolandira katemera.

Taonani chikuku. Mwana mmodzi akadwala, pa ana 10 osatemeredwa amene akhala naye pafupi, 9 angathe kudwalanso. Chikuku si zilonda za pakhungu zokha. Chimabweretsa chibayo, kutsekula m'mimba ndi khungu la maso, ndipo chimapha, makamaka mwana wosowa zakudya m'thupi. Choncho mlezi akafunsa khadi la mwana wanu, akuteteza wanuyo ndi wa mnzanu yemwe.

Zimene ziyenera kuoneka pa khadi

Tsegulani khadi pa tsamba la katemera. Ngati simutha kuwerenga, pemphani mlezi, mnzanu kapena wa zaumoyo wa m'mudzi uja timati APE. Mwana amene watsata ndondomeko ya ku Mozambique ayenera kukhala atalandira izi:

Atangobadwa: katemera wa chifuwa chachikulu, uja amasiya chipsera paphewa, ndi madontho oyamba a poliyo.

Pa miyezi 2, 3 ndi 4: jakisoni wa pantchafu woteteza ku matenda asanu nthawi imodzi, pakati pawo chifuwa chokoka mtima, kafumbata ndi matenda a chiwindi, pamodzi ndi katemera wa poliyo. M'miyezi yomweyi mwana amayambanso katemera wa chibayo ndi madontho oteteza kutsekula m'mimba.

Pa miyezi 9: katemera woyamba wa chikuku.

Pa miyezi 18, ndiye kuti chaka ndi theka: katemera wachiwiri wa chikuku.

Wachiwiri wa chikukuyu ndiye amene amaiwalika kwambiri. Makolo ambiri amati, "Wanga adamaliza, adabaya wa chikuku." Taonaninso bwino: malo a chikuku pa khadi ndi awiri. Katemera woyamba sagwira mwa ana onse, ndipo wachiwiri amatseka mpata umenewo.

Mukapeza malo opanda kanthu, musachite manyazi ndipo musaope kukalipiridwa. Pitani ndi mwana kuchipatala cha ku Lifidzi, ku Domwe kapena chilichonse chapafupi, kapena dikirani tsiku limene a zaumoyo amabwera m'mudzi mwanu. Iwo aona chimene chatsala. Katemera sayambidwanso poyambirira chifukwa choti mwachedwa, amangopitiriza pamene mudalekezera. Ndipo katemera wa ana m'zipatala za boma ndi waulere, kuno ndi ku Malawi komwe.

Mwana wa makhadi awiri

Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Mayi ndi wa ku Dedza, bambo ndi wa ku Angónia. Mwana adabadwira kwa agogo ake tsidya lija, n'kudzakulira kuno. Wina adayamba sikelo kuno, makolo n'kupita kukachita geni ku Lizulu, mwana n'kukapitiriza kumeneko. Ana otere amakhala ndi makhadi awiri, la Chipwitikizi ndi kabuku ka ku Malawi, kapena limodzi lolembedwa theka.

Makhadi onse awiri ndi ofunika. Musataye lina, musabise lina poopa kuti akuuzani kuti ndinu achilendo. Tengani onse awiri, wa zaumoyo awaike pamodzi, aone chimene mwana adalandira ndi chimene chatsala. Matenda amene maiko awiriwa amatemera ndi ofanana kwambiri, chosiyana ndi masiku. Ku Malawi jakisoni wa matenda asanu uja amabaya pa masabata 6, 10 ndi 14, pamene kuno ndi pa miyezi 2, 3 ndi 4. Katemera wachiwiri wa chikuku ku Malawi ndi wa pa miyezi 15, kuno ndi wa pa miyezi 18. Apa mpamene ana ambiri amaphonyera. Banja likasamuka pakati pa miyezi imeneyi, kuno amaganiza kuti adabaya uko, uko n'kumaganiza kuti akabaya kuno, mwana n'kutsala wopanda chitetezo.

Khadi likatayika, kupsa kapena kunyowa ndi mvula, kanenani kuchipatala kumene mwana ankapita, pakuti kumeneko kuli buku lalikulu limene amalembamo ana. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani masamba a khadi lero lomwe.

Zimene poliyo idatiphunzitsa

Ena anganene kuti matenda amenewa adatha kale. Tikumbutsane. Mu Ogasiti 2020 bungwe la WHO lidalengeza kuti poliyo ya mtundu wolusa yatha mu Africa. Koma mu Febuluwale 2022 dziko la Malawi lidalengeza kuti mwana wa zaka 3 ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo imeneyo. Mu Meyi chaka chomwecho idapezeka kuno m'chigawo chathu cha Tete, m'boma la Changara. Chaka chisanathe ana 8 anali atapezeka nayo ku Mozambique, onsewo ku Tete. Maiko onse awiri anali atakhala zaka 30, kuyambira 1992, osaona matenda amenewa. Akatswiri atayeza kachilomboko adapeza kuti kadachokera ku Pakistan. Ngati kachilombo kadadutsa nyanja yaikulu, kangalephere kudutsa pa Calómuè?

Pa ana 200 amene atenga kachilombo ka poliyo, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amapuwala. Ambiri mwa enawo saoneka kudwala koma amafalitsa matendawa kudzera m'chimbudzi chawo. Mukukumbukira magulu aja ankayenda khomo ndi khomo, kudonthetsera ana mankhwala m'kamwa n'kuwapaka inki pa chala? Adabwera kambirimbiri mpaka ena adatopa nawo, koma ndi ntchito imeneyo imene idachititsa kuti mu Meyi 2024 alengeze kuti mliriwo watha. Choncho katemera wa kampeni akabweranso, mwana alandire ngakhale khadi lake lili lodzaza. Ndipo mukaona mwana walefuka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Sikelo sithera pa katemera

Ngakhale mwana atamaliza katemera yense, ayenera kuonekera kusikelo miyezi 6 iliyonse mpaka akwanitse zaka 5. Ngati wa zaumoyo walemba tsiku lapafupi, tsatani limenelo. Kumeneko amalandira zinthu ziwiri.

Choyamba ndi vitamini A, kakapisozi kamene amakadula n'kufinyira m'kamwa. Amayamba pa miyezi 6. Wosakwana chaka amalandira kobiriwira ngati thambo, wa chaka chimodzi kupita m'tsogolo kofiira. Vitamini A amateteza maso ndipo amathandiza thupi kulimbana ndi chikuku ndi kutsekula m'mimba. Mwana amene amapunthwa kukayamba mdima, kumapapasa pamene anzake akuona, mwina akusowa vitamini ameneyu.

Chachiwiri ndi piritsi la njoka za m'mimba, kuyambira pamene mwana wakwanitsa chaka. Ana a msinkhu uwu amasewera m'dothi opanda nsapato ndipo zala sizichoka m'kamwa. Njoka zimadya chakudya chimene mwana wadya, zina zimayamwa magazi, ndipo mwanayo amangosinza m'kalasi.

Kuyeza ngati mwana akukula

Pali njira zinayi, ndipo zina mungathe kuchita nokha.

Kulemera. Dontho limene amalemba pa khadi liyenera kukwera ulendo uliwonse. Mzere ukagona kapena kutsika, pali chimene chalakwika, ngakhale mwana akuoneka kuti akusewera.

Msinkhu. Mwana amaimikidwa pa thabwa loyezera. Kupinimbira sikuoneka msanga, chifukwa m'mudzi mmene ana ambiri ndi afupi timangoti ndi mtundu wawo. Ku Mozambique, pa ana atatu alionse osakwana zaka 5, mmodzi kapena kuposerapo ndi wopinimbira. Musaganize kuti Angónia wapulumuka chifukwa ndi nkhokwe ya chimanga, nyemba ndi kachewere. Nyemba, mazira, soya ndi nkhuku zimapita kumsika, mwana n'kumadya nsima ya ufa woyera ndi masamba tsiku ndi tsiku. Mimba yadzaza, thupi silikumangika, ndipo ubongo nawo umatsalira. Sungani gawo la mwana musanagulitse. Phala lake likhale la mgaiwa, lothira nsinjiro kapena soya, ndipo pa tsiku adye katatu, n'kupatsidwa nthochi, mbatata kapena chipatso pakatikati.

Tepi ya pamkono. Amaizunguliza pakati pa phewa ndi chigongono. Ikagwera pobiriwira, mwana ali bwino. Pachikasu, pakati pa masentimita 11.5 ndi 12.5, wayamba kunyentchera. Pofiira, kuchepera masentimita 11.5, ndi zoopsa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko amapereka chiponde cha m'timapaketi. Chiponde chimenecho ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chogawana ndi abale ake kapena chogulitsa.

Mapazi. Dinani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka 3, n'kuchotsa. Pakatsala maenje, mwana watupikana. Kuno ambiri tikaona mwana watupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lafiira ndi kulekana, timati ndi tsempho, ndipo masiku amatha akuluakulu akufunsa makolo kuti walakwa ndani. Sindikunyoza mwambo. Koma kutupa kumeneku ndi chizindikiro cha kusowa zakudya koopsa, ndipo mwana wotere angamwalire m'masiku ochepa. Za pabanja mukambe, koma mwana akhale ali kale kuchipatala.

Maso, makutu, mano ndi khungu

Izi sizilira makina. Mayi, bambo kapena mlezi angathe kuziona kamodzi pa mwezi.

Maso: onani ngati akutuluka manthongo, ngati diso lina likuyang'ana kumbali, ngati pakati pa diso pali choyera, kapena ngati mwana amayandikitsa zinthu kumaso kwambiri. Musathire m'maso madzi a zitsamba, mkaka wa m'mawere kapena mankhwala otsala a munthu wina.

Makutu: imani kumbuyo kwake, mumuitane dzina motsitsa mawu. Akapanda kutembenuka, yesaninso tsiku lina. Ana ambiri amene timawatcha amwano kapena ogona m'mutu, vuto lawo ndi loti samva bwino. Khutu lotuluka mafinya si chinthu chongozolowera. Likakhalitsa limagonthetsa.

Mano: yang'anani mabowo akuda ndi nkhama zotupa. Mano a mkaka adzaguluka, inde, koma dzino lowawa limaletsa mwana kudya ndi kugona. Chepetsani masiwiti ndi zakumwa zotsekemera za m'timapulasitiki.

Khungu: mphere pakati pa zala, zipere m'mutu, matekenya kumapazi. Mphere ikalowa m'nyumba, onse okanda alandire mankhwala nthawi imodzi, zofunda zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa.

Magazi: tambasulani chikhatho cha mwana pafupi ndi chanu. Chikayera kwambiri, magazi achepa.

Kakulidwe: mwana wa zaka 3 amayenera kuthamanga, kulumikiza mawu angapo, ndi kuchita chimene mwamutuma, monga "tenga chikho upatse agogo". Akatsalira kwambiri pa anzake, uzani a zaumoyo. Zimene sangathe kuthana nazo pachipatala chaching'ono amatumiza ku chipatala chachikulu cha ku Ulongwe. Mwana wolumala asabisidwe m'nyumba. Sukulu ya mkaka ndi yakenso.

Tsiku limene mwana sayenera kupita kusukulu

Mwana asapite pakati pa anzake ngati watentha thupi, akutsekula m'mimba kapena kusanza, watuluka zidzolo pamodzi ndi kutentha thupi, kapena maso afiira n'kumatuluka mafinya. Koma kukhala pakhomo sikutanthauza kungogona. Wotentha thupi akayezedwe malungo tsiku lisanathe. Kuno kumapiri kumazizira, koma malungo aliko, makamaka nthawi ya mvula ndi kwa amene abwera kuchokera kumadera otentha a ku Moatize ndi ku Tete. Mwana azigona m'neti usiku uliwonse. Wotsekula m'mimba apatsidwe madzi a paketi aja kuno timati SRO, ku Malawi amati Thanzi, pamodzi ndi mapiritsi a zinki kwa masiku onse amene a zaumoyo anena, ndipo asaleke kudya.

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi samalani ndi chibayo. Mwana wotsokomola akakhala phee, muvuleni malaya muwerenge mpweya wake kwa mphindi imodzi. Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, kupuma ka 40 kapena kuposerapo ndi kupuma mothamanga. Apite kuchipatala.

Zizindikiro izi sizidikira kuti kuche: kukomoka, kulephera kumwa, kusanza chilichonse, kulefuka kosadzutsika, ndi nthiti kulowa m'kati popuma. Abambo, apa mpofunika inu. Njinga kapena ndalama ya njinga yamoto ikhalepo, ndipo mayi asadikire chilolezo cha munthu amene ali kumunda kapena kumsika.

Nanunso makolo funsani

Si makolo okha amene ali ndi udindo. Komiti ya makolo ione kuti pasukulu pali chimbudzi chokhala ndi bowo laling'ono loyenera ana, malo osambira m'manja ndi sopo kapena phulusa, ndi madzi akumwa owiritsa kapena othira Certeza kapena WaterGuard, osungidwa m'chidebe chovundikira. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 imene idavuta maiko onse awiri. Ngati ana amadya phala, ophika asambe m'manja ndipo mwana aliyense akhale ndi mbale yake. Moto wophikira ukhale kutali ndi posewerera. Mlezi akhale ndi kope lolembamo dzina la mwana, tsiku lobadwa, katemera wotsala ndi munthu womuitana mwana akadwala. Ndipo komiti ipangane ndi APE kapena anamwino kuti azifika pasukulupo kudzayeza ana onse pamodzi.

Mafunso amene omvera amafunsa kawirikawiri

Kodi mwana wosamaliza katemera abwezedwe? Ayi. Kumubweza sikumuteteza. Mlezi amulembe, auze makolo chimene chatsala, apangane tsiku loti abwere ndi khadi litalembedwa.

Mwana ali ndi chimfine, kodi angabayidwe? Inde. Chimfine, kachifuwa kapena kutsekula m'mimba pang'ono sizoletsa. Akadwala kwambiri, a zaumoyo ndiwo anene. Akatentha thupi pang'ono kapena kutupa pobayidwa, zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri.

Mwana amamwa ma ARV, kodi angaphunzire ndi anzake? Inde. HIV sifala posewera, podyera pamodzi kapena pogwirana manja. Mlezi akaona zimenezi pa khadi kapena akauzidwa ndi makolo, ndi chinsinsi. Sizokambira pachitsime.

Ine ndine gogo, makolo ake ali ku Joni, khadi adapita nalo. Nditani? Agogo, musadikire kuti abwere. Pitani ndi mdzukulu wanu kusikelo mukafotokoze. Ngati ana anu ali ndi foni, ajambule khadilo akutumizireni kudzera kwa mnansi.

Pomaliza

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Madzulo ano tulutsani khadi la mwana aliyense wosakwana zaka 5, ndipo ngati alipo awiri, tulutsani onse. Onani zinthu zitatu: kodi chikuku chidalembedwa kawiri, kodi vitamini A ndi piritsi la njoka adalandira m'miyezi 6 yapitayi, ndipo kodi adayezedwa liti komaliza? Chimodzi chikasowa, funsani tsiku la sikelo ndipo mupite. Mukabwerako, ikani khadi m'kapepala ka pulasitiki, pamalo pamene bambo, mayi ndi agogo onse akudziwa.